Kuseri kwa zenera la kufamase

Mwana wa mlongo wanga anabwera kumudzi kuno ku Nkhotakota mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo ndipo ngakhale mphepo ya kunyanja imafika yofunda. Digiri ya zamankhwala anamaliza, intenishipu anamaliza, chiphaso chogwirira ntchito ali nacho. Tonse tinkadikira kumva za ntchito ndi malipiro. Koma titakhala pakhonde madzulo, mpunga ndi kampango zili pamphasa, anatiuza kuti akufunafuna malo oti akachite residency pa chipatala chachikulu chophunzitsira.

Mayi ake anaika mbale pansi. "Iwe, sukulu yako sidzatha? Kupereka mapiritsi pazenera paja kukufunanso maphunziro ena?"

Ena tinaseka, koma funso la mlongo wangali aliyense wa ife akanalifunsa. Famase imene timaidziwa ndi zenera. Umaima pamzere kuyambira m'mawa, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Ukafika umakalowetsa pakabowo, dzanja limatuluka ndi timatumba tapulasitiki tojambulidwa dzuwa ndi mwezi, kenako umamva: "Awiri m'mawa, awiri madzulo, mutadya. Wina!" Tsiku loipa umauzidwa kuti awa kulibe, mukagule. Ngati ntchito yonse ndi imeneyi, mlongo wanga sanalakwe. Ndinakhala naye mtsikanayu masiku angapo ndikumufunsa ngati wapolisi, zina n'kukawerenga ndekha, ndipo zimene ndinatolapo ndi izi.

Anthu amene timangowatcha "a kufamase" si a maphunziro ofanana. Pali othandizira a satifiketi, pali matekinishani a dipuloma, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi College of Health Sciences, ndiye pali mafamasisiti a digiri. Pazenera kawirikawiri mumakumana ndi a magulu awiri oyambawo, ndipo ndi amene asenza katundu wolemera m'zipatala zathu. Digiri ya famase inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2006 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Kale Mmalawi wofuna kukhala famasisiti ankawoloka malire. Womaliza digiri amachita intenishipu, n'kulembetsa ku PMRA, bungwe loona za mankhwala limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Choncho ntchitoyi kuno ikadali yaing'ono msinkhu, ndipo ambiri a ife sitinamuonepo famasisiti ataima pambali pa bedi la wodwala.

Liwu lakuti residency linachokera kwa madokotala. Kalekale dokotala wachinyamata wofuna ukatswiri ankagona m'chipatala momwemo, kudya momwemo, kuti akafunika usiku angomugogodera. Tanthauzo la liwulo ndi lomwelo: wokhala pamalopo. Dongosololi linakhazikika ku Johns Hopkins Hospital mumzinda wa Baltimore ku America, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1889, ndipo William Osler ndi mmodzi mwa amene analiumba. Kuno tinazolowera liwu lina. Madokotala amene akuphunzira ukatswiri wa ana, wa amayi kapena wa maopaleshoni ku Queens timawatcha ma registrar. Ndi madokotala kale, amalemba mankhwala, amagwira usiku, koma pamwamba pawo pali katswiri amene akuwasula. Residency ya famasisiti ndi yoteronso, kungoti wosulidwayo ndi wa mankhwala.

Mafamasisiti anatsatira pambuyo. Harvey Whitney anayambitsa maphunziro otere pa chipatala cha University of Michigan mu 1927, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 bungwe la mafamasisiti a m'zipatala ku America, ASHP, linayamba kuyendera ndi kuvomereza mapulogalamuwa. Lero kumeneko chaka choyamba amachitcha PGY1, miyezi 12 yozungulira mbali zosiyanasiyana za chipatala. Wofuna kuzama pa chinthu chimodzi, kaya khansa, ana, matenda opatsirana kapena odwala mwakayakaya, amawonjezera chaka chachiwiri, PGY2. Ku Brazil ndi zaka 2. Ku Spain ndi ku France ndi zaka 4, ndipo malo amalimbirana kudzera m'mayeso a dziko lonse.

Apa mpamene ine ndinasokonezeka. Nanga intenishipu ija inali ya chiyani? Mtsikanayo anandiyankha kuti wa intenishipu alibe chiphaso chonse, akugwira ntchito kuti aloledwe. Wa residency analoledwa kale, siginecha yake ili ndi mphamvu, ndipo akalakwitsa mlandu ndi wake. Ndi masitazi kusiyana kwake n'kwakuti masitazi ambiri amadalira kalasi, mayeso ndi kafukufuku, wophunzira n'kumalipira fizi, pamene wa residency ndi wantchito wa chipatalacho ndipo amalandira malipiro, ngakhale otsika poyerekeza ndi a mnzake amene anangopita kukayamba ntchito. Malirewa si ooneka bwino paliponse, poti alipo masitazi ena, monga a ku University of Nairobi, amene amaikanso ophunzira kuwodi. Za kulemera kwa ntchitoyo, malamulo a ASHP amaletsa kupitirira maola 80 pa sabata. Ngati panafunika lamulo loletsa kupitirira 80, mutha kuona nokha mmene zinthu zimakhalira.

Kwa ife a kunyanja chitsanzo chili pafupi. Mnyamata akhoza kudziwa dzina la nsomba iliyonse, kusoka chilimira, ngakhale kukonza injini, koma palibe mwini boti angamuike usiginala chifukwa cha zimenezo. Usiginala amauphunzira usiku pamadzi, pafupi ndi amene wauchita zaka zambiri, kuona mmene usipa ukusonkhanira pansi pa nyali, kudziwa nthawi yoitana alovi kuti aponye, kumva mwera usanafike. Mtsikana wathu mayina a mankhwala ndi ntchito zake amadziwa. Chimene akufuna ndi usiku wa pamadzi uja.

Tsiku la wa residency limayamba madokotala asanafike kuwodi. Amatenga mafailo bedi ndi bedi, kuona zotsatira za kulabu, kuona pepala la anamwino ngati jakisoni wa 10 koloko usiku anaperekedwadi. Kenako amakhala pansi ndi gadiyani: kunyumba amamwa chiyani? Sakufunsa za kuchipatala zokha ayi, komanso za pagolosale, za kwa asing'anga, ndi mapiritsi amene anapatsidwa ndi apongozi poti anawathandiza chaka chatha. Zolakwika zambiri za mankhwala zimachitika munthu akamasuntha, kuchoka kunyumba kulowa m'wodi, kuchoka wodi ina kupita ina, kapena potulutsidwa. Raundi ikamayamba, iye amakhala kuti wadzifunsa kale pa wodwala aliyense: mankhwala awa akufunikabe? Pali vuto limene lilibe mankhwala? Mlingo ukugwirizana ndi thupi lake? Pali awiri amene akulimbana?

Funso lomalizali likufuna chitsanzo. Tiyerekeze mayi wa ku Dwangwa amene amamwa ma ARV, piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene dziko lino linayamba kupereka kwa ambiri mu 2019. Wagonekedwa, apeza kuti ali ndi chifuwa chachikulu, ayamba mankhwala a TB. M'mankhwalawo muli rifampicin. Chiwindi ndi chimene chimaphwanya mankhwala ambiri kuti atuluke m'thupi, ndipo rifampicin amachifulumizitsa ngati chigayo chowonjezeredwa moto. Dolutegravir amaphwanyidwa msanga, m'magazi amatsalamo wochepa, kachilombo kakhoza kudzuka n'kuyamba kukana mankhwalawo, pamene mayiyo sanadumphe ngakhale tsiku limodzi. Malangizo a WHO ndi akuti awonjezere piritsi lina la dolutegravir la 50 mg pakatha maola 12, ndipo apitirize masabata 2 atamaliza rifampicin, poti chiwindi sichibwerera msanga m'chimake.

Izi zinalembedwa m'mabuku a malangizo, ndipo azachipatala athu amazidziwa. Vuto ndi lakuti ma ARV amatengedwa khomo lina, mankhwala a TB khomo lina, wodi ili ndi failo yakeyake, ndipo aliyense akhoza kuganiza kuti mnzake wachita kale. Pamafunika munthu amene ntchito yake ndi kuika mankhwala onse a mayiyu pamphasa imodzi n'kuwayang'ana pamodzi. Akatero aona zinanso. Ngati mayiyu ali ndi kulera kwa pamkono kapena amamwa mapiritsi olera, rifampicin yemweyo amafooketsa zimenezo, ndipo akhoza kuima asakuyembekezera. Ngati wapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi kapena mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium, amenewo amamata dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi, choncho ayenera kutalikitsa: dolutegravir maola 2 asanamwe enawo, kapena maola 6 atawamwa. Pazenera, anthu 200 ali kumbuyo, zonsezi sizingaoneke.

Impso ndi nkhani ina imene wa residency amagona nayo n'kudzuka nayo. Mankhwala ambiri amatuluka ndi mkodzo, ndipo impso zikafooka amaunjikana. Gentamicin, jakisoni wodziwika m'zipatala zathu, akachuluka amawononga impso zomwezo komanso makutu, ndipo kugontha kwake nthawi zambiri sikubwerera. Kulabu amayeza creatinine, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera impso zikafooka, koma nambalayo payokha imanamiza. Pali masamu amene Cockcroft ndi Gault anafalitsa mu 1976, ophatikiza nambalayo ndi zaka, kulemera, ndiponso ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mtsikana wathu anandiwerengera papepala. Msodzi wa zaka 25 wolemera 70 kg ndi agogo aakazi a zaka 75 olemera 40 kg akhoza kukhala ndi creatinine wofanana ndendende, koma impso za msodziyo zikusefa kuposa katatu za agogowo. Kuwapatsa mlingo umodzi ndi kumuchiza wina n'kumupweteka wina. Ndipo masamuwa sayenda ngati wodwala sanakwere sikelo, chinthu chimene m'mawodi a akuluakulu chimaiwalika.

Kwa ana n'kovuta koposa. Mwana si munthu wamkulu wochepetsedwa. Pa malungo aakulu, jakisoni wa artesunate amaperekedwa 2.4 mg pa kilogalamu iliyonse, koma mwana wosakwana 20 kg amafuna 3 mg pa kilogalamu, wochulukirapo osati wocheperapo, chifukwa m'thupi laling'ono mankhwalawa sakhalitsa pa mlingo wokwanira. Amabayidwa pofika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24, ndipo akasungunulidwa sasungidwa kudikira wodwala wina. Kwa khanda losakwana mwezi, ceftriaxone sayenera kukumana ndi diripi yokhala ndi calcium monga Ringer's lactate, poti ziwirizi zimapanga timiyala m'mapapo ndi mu impso. Ndipo kadontho kamodzi koikidwa polakwika powerengera kamasandutsa mlingo kukhala kakhumi.

Komatu kudziwa ndi theka chabe. Chimene mtsikana wathu ananena kuti chimamuopsa si masamu ayi, koma kutsegula pakamwa. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sauzidwa, ndipo pa raundi wamkulu ndi dokotala katswiri, wazunguliridwa ndi ma registrar, ophunzira ndi anamwino, wodwala ndi gadiyani akumvetsera. Mtsikana wa zaka 26 anene bwanji kuti mlingo uwu wachuluka? Akakhala chete, agogo aja agontha. Akalankhula mwamwano, mawa palibe amene amumvere. Luso lake ndi kubwera ndi nambala m'manja ndi njira yotulukira: "Adokotala, creatinine wa pa bedi 7 wakwera kuyambira Lolemba, ndipo akadali pa gentamicin. Mungalole titalikitse nthawi, kapena tisinthe? Amene alipo kusitolo ndi awa." Walemba mankhwala ndi dokotala, ndipo chiganizo chomaliza n'chake. Koma dokotala wanzeru, akaona kawiri katatu kuti mwanayu sanena zopanda mutu, amayamba yekha kutembenuka n'kufunsa, "A famase mukuti bwanji?" Zimenezi siziphunzitsika pabolodi.

N'chifukwa chake mtima wa residency ndi mphunzitsi wa pantchito, amene kumeneko amamutcha preceptor. Ndi famasisiti wokhwima amene amagwira m'wodi yomweyo tsiku ndi tsiku. Poyamba amafotokoza. Kenako amachita yekha wophunzirayo akuonerera, uku akulankhula mokweza zimene akuganiza. Kenako amasinthana malo, wophunzira n'kumachita iye ali pambali akukonza. Pomaliza amadzichotsa, n'kumangofunsa masana kuti zayenda bwanji. Pamathero a gawo lililonse amakhala pansi n'kulemba poyera zimene wophunzirayo wakwanitsa ndi zimene zikumukanika. Popanda munthu ameneyu palibe residency, pali ganyu chabe.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wa PGY1 amakhala mwezi umodzi kapena masabata 6 pamalo amodzi n'kusuntha: wodi ya akuluakulu, ya ana, ya odwala mwakayakaya, ya khansa kumene mlingo umawerengedwa ndi kukula kwa thupi ndipo wosakaniza amavala zodzitetezera, kenako kiliniki ya shuga ndi BP. Amagwiranso kufamase kwenikweni Loweruka ndi Lamlungu, amakhala m'komiti yosankha mankhwala amene chipatala chizisunga, amaphunzitsa ophunzira a digiri, ndipo amachita kafukufuku mmodzi wa vuto lenileni la pachipatalapo. Mukaona mndandandawu mumvetsa chifukwa chake zimachitikira pa chipatala chophunzitsira. Kumeneko n'kumene kumathera matenda onse ovuta otumizidwa kuchokera m'maboma, monga mmene athu a kuno amathera ku Central ku Lilongwe. Kuli labu yotha kuyeza zambiri, kuli akatswiri oti uwafunse, ndipo kufunsa ndi kufunsidwa pagulu ndi mwambo wa tsiku lililonse.

Pali ntchito ina imene ikukula kwambiri, yolondera maantibayotiki. Ceftriaxone ndi wokondedwa m'mawodi chifukwa amabayidwa kamodzi patsiku ndipo amagwira tizilombo tambiri. Koma ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome atasanthula zotsatira za magazi a odwala ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016, anapeza kuti tizilombo monga Klebsiella ndi E. coli tikunka tikukana mankhwala amene ankatigonjetsa kale, kuphatikizapo a gulu la ceftriaxone. Mu 2017 WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu, Access, Watch ndi Reserve, ndiye kuti oyambira, ofunika kusamala nawo, ndi osungira tsiku loipa. Ceftriaxone ali m'gulu lachiwiri. Wa residency amaphunzira kubwerera kwa wodwala tsiku lachitatu n'kufunsa: labu yapeza chiyani? Kodi sanali malungo chabe? Wayamba kudya, bwanji osachotsa jakisoni n'kumupatsa mapiritsi apite kwawo? Kuyamba antibayotiki aliyense amatha. Wokumbutsa kuti tsopano tisiye ndi amene amasowa.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya kaodzera, poti ndi yathu. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, monganso ya ku Rumphi pafupi ndi Vwaza, imadziwa kashembe ndi matenda amene amabweretsa. Mtundu wa kuno ndi wothamanga, umapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Kwa zaka zambiri mankhwala anali suramin matenda akadali m'magazi, ndi melarsoprol akafika ku ubongo. Melarsoprol anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949 ndipo muli arsenic. Amawotcha mitsempha pobaya, ndipo mwa odwala 100, pakati pa 5 ndi 10 amatupa ubongo chifukwa cha mankhwalawo, theka la amenewo n'kumwalira. Kenako kunabwera mapiritsi a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wathuwu mu Disembala 2023, ndipo mu 2024 WHO inawaika patsogolo kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera 20 kg kapena kuposa.

Nkhani yabwino, koma taonani ntchito imene yabadwa. Mapiritsiwa amamwedwa masiku 10, wamkulu atatu patsiku kwa masiku 4 kenako awiri kwa masiku 6, ndipo amalowa bwino m'magazi pokhapokha munthu atadya chakudya chenicheni. Wodwala kaodzera nthawi zambiri alibe chilakolako, mankhwalawo amachititsa nseru ndi kusanza, ena amawasowetsa tulo, ndipo sayenera kuphatikizidwa mwachisawawa ndi mankhwala ena okhudza kagundidwe ka mtima. Akasanza atangomwa, abwereze kapena ayi? Mwana wa 18 kg apatsidwe chiyani? Gadiyani amene ufa wamuthera tsiku lachisanu amuuze ndani kuti phala lamadzimadzi silikwanira? Mankhwala atsopano akafika, pamafunika wina woti awaphunzire mozama, aphunzitse anzake, alondole zovuta zake n'kuzilemba kuti zikafike ku PMRA.

Mlamu wanga, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anafunsa funso lolemera: ukatswiri wonsewu upindula chiyani mashelefu ali mbee? Sindingamutsutse kotheratu. Inenso ndinabwererapo pazenera ndi kabuku kokha m'manja. Masamu a impso aja sagwira ngati labu ilibe zoyezera. Ndipo pulogalamu yongokopera ya ku America, yodalira kompyuta pabedi lililonse ndi makina oyeza mankhwala m'magazi, ingatulutse munthu woti akafika kuno angogwira m'chiuno. Koma ndikaganiza bwino, kusowako ndi kumene kumafuna mutu kwambiri. Mankhwala olembedwa akasowa, wina ayenera kudziwa olowa m'malo ndi mlingo wake. Mabotolo akatsala 20 odwala ali 50, wina ayenera kudziwa amene angachire ndi mapiritsi kuti jakisoni atsalire amene sangathe kumeza. Oxytocin woletsa amayi kutaya magazi pobereka amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kutentha kwa kuno magetsi atazima tonse tikukudziwa. Botolo lake likafooka silisintha maonekedwe. Amene angadziwe kuti lakhala kunja nthawi yaitali bwanji ndi amene amasunga kaundula wa furiji. Maganizo anga ndi akuti residency yoyenera dziko ngati lathu iyenera kukhala ndi miyezi ingapo pa chipatala cha boma monga cha kuno, kapena cha mishoni monga St Anne's, osati mumzinda mokhamokha.

Sizongolota. Ku Eldoret ku Kenya, pa Moi Teaching and Referral Hospital, mafamasisiti a kumeneko mogwirizana ndi Purdue University anakhazikitsa maphunziro a kuwodi, ndipo amayendetsa kiliniki ya odwala amene amamwa warfarin. Awa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ofunika kwa amene ali ndi vuto la mavavu a mtima kapena magazi oundana m'miyendo. Akachepa magazi amaundana, akachuluka munthu amakha magazi, ndipo mlingo umasokonezeka ndi rifampicin, Bactrim, ngakhale kuchuluka kwa masamba m'ndiwo. Wodwala amayezedwa pafupipafupi n'kusinthiridwa mlingo, ntchito yofuna kudekha imene dokotala wokhala ndi mzere wautali sangaipatse nthawi.

Funso lina palibe analifunsa mokweza, koma linali m'maso mwa mayi ake: akapita, adzabwera? Njira ya ku America si yaifupi. Amene anaphunzira kunja kwa America amayenera kaye kuvomerezedwa ndi bungwe la kumeneko loona za ziphaso, kulemba mayeso oyerekeza digiri yake, mayeso a Chingerezi, ndi mayeso a chiphaso otchedwa NAPLEX. Malo a residency amagawidwa ndi kompyuta imene imaphatikiza zosankha za ofunsira ndi za zipatala, ndipo chaka chilichonse ena amatsala opanda malo. Munthu amene wadutsa zonsezo, n'kuyamba kulandira madola, kumubweza n'kovuta. Ndipo akabwera, apeza mpando woti agwirire ntchito imene anaphunzirayo? Famasisiti wa pa boma nthawi yambiri imamuthera kusitolo, kuwerenga makatoni, kulemba maoda a ku Central Medical Stores ndi malipoti a mwezi. Ndi ntchito yofunika zedi, koma ngati palibe womulandira mbali ina ya katunduyo, kuwodi sadzapondako. Ndinamulangiza mtsikanayo kuti kulikonse kumene angapeze malo, kaya pafupi kaya kutali, afunse zinthu zitatu asanasaine: pulogalamuyo anaivomereza ndani, mphunzitsi wake amapezekadi kuwodi, ndipo pa sabata masiku angati adzakhale ndi odwala osati kutseka mpata pazenera.

Tsiku loti abwerera mawa lake, anapempha kabuku ka kuchipatala ka mayi ake. Mlongo wanga amamwa mankhwala a BP, ndipo miyezi ingapo nambala zakhala zikukwera ngakhale anawawonjezera piritsi lina. Mtsikanayo anawerenga masamba onse, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kachitini ka pawindo. Munali mapaketi a Brufen ogula pagolosale.

"Amayi, awa mumamwa kangati?"

"Mawondowa akavuta. M'mawa ndi madzulo."

"Tsiku lililonse?"

"Nanga amasiya kuwawa Lamlungu?"

Anawafotokozera kuti Brufen amasunga madzi ndi mchere m'thupi, amakweza BP, amafooketsa mankhwala ena a BP, ndipo akamwedwa miyezi yambiri amapweteka impso ndi m'mimba. Anati awasiye, agwiritse kaye Panado, ndipo Lachiwiri apite ndi kachitiniko kukiliniki akawaonetse a dokotala n'kupempha kuti ayezedwe impso. Analemba zonsezo pakapepala n'kukaika m'kabuku muja.

Mlongo wanga anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali. "Kukiliniki kuja sanandifunsepo za kachitinika."

"Inunso simunawauze, amayi."

"Ndiye ku sukulu yakoyo ukaphunzira zofufuza m'zipinda za anthu?"

Anatenga kachitini kake m'manja mwa mwanayo, n'kukamanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya kabaza ya Lachiwiri.